Kamakina ka Nokia kamene kanabwera ndi makiyi ake

M'sabata imodzi ya January 2007, ku America kunaonetsedwa tumakina tuwiri tokwana m'dzanja. Koyamba kanali ka Nokia, dzina lake N800, ndipo kanaonekera pa chionetsero cha zamagetsi ku Las Vegas. Kachiwiri anakatulutsa Steve Jobs pa 9 January ku San Francisco: iPhone. Tonse tuwiri tunali ndi sikirini yaikulu yokhudza, ndipo tonse tunalonjeza chinthu chimodzi, kuti intaneti yeniyeni, osati ija yofinyidwa ya WAP, ilowa m'thumba. Kachiwiriko mukadziwa. Mwina nkhani ino muiwerengera pa mdzukulu wake, kapena pa foni imene inatengera nkhope yake. Koyambako ambiri a inu simunakaonepo ngakhale pa chithunzi.

Tumakina utu tunasiyana pa nkhani ya makiyi. Wogula N800 anali kupatsidwa nyumba pamodzi ndi makiyi ake. Akafuna kugwetsa khoma kapena kusintha mawaya, zinali zake. Wogula iPhone anali kulowa m'nyumba ya renti yokongola, ya matailosi ndi siling'i, koma msomali umodzi sakhoma popanda kufunsa a landilodi. Imene inapambana tonse tiidziwa. Ena amakamba kuti anthu safuna ufulu, afuna chabe chinthu chowala. Ine sindivomereza, ndipo mbiri ya tumakina utu ndiye chifukwa changa.

Tibwerere kumbuyo pang'ono. Zaka zimenezo Nokia inali mfumu. Pofika kumapeto kwa 2007, pa mafoni 10 alionse ogulitsidwa padziko lapansi, anayi anali ake. Kuno kwathu, nthawi ya Celtel, Cell Z ndi Telecel imene inasanduka MTN mu 2005, munthu akati foni anali kutanthauza Nokia: 3310 yosafa, kapena 1100 ya tochi. Mafoni ake apamwamba, ma N70 ndi ma N73, anali kuyendera Symbian. Koma mkati mwa kampaniyo, ku Finland, munali kagulu kotsogoleredwa ndi Ari Jaaksi kamene kanali kuyesa njira ina, ya Linux.

Linux nayo ni ya ku Finland komweko. Anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali mwana wa sukulu pa yunivesite ya Helsinki. Lamulo lake ni lakuti aliyense angawerenge mmene inalembedwera, angaisinthe, angaigawire anzake, bola zimene wasinthazo asazibise akamagawira ena. Pa maziko amenewa, potengera mtundu wa Linux wotchedwa Debian, kagulu ka Jaaksi kanamanga Maemo. Pa 25 May 2005 ku New York analengeza Nokia 770 Internet Tablet, ndipo inafika m'masitolo a ku Ulaya mu November. Sikirini yake inali ya mainchi anayi ndi pang'ono, ya tumadontho 800 m'litali ndi 480 m'lifupi, pamene N70 inali ndi 176 ndi 208 chabe. Tsamba la pa intaneti linali kuoneka monga lionekera pa kompyuta. Memori inali 64 MB, yochepa ngakhale pa nthawiyo, ndipo kanali kuchedwa mpaka kukwiyitsa. Mtengo unali pafupi madola 360.

Chimene Nokia inachita pambuyo pake n'chimene makampani a mafoni sanali kuchita. Inatenga tumakina 500 n'kugulitsa kwa olemba mapulogalamu pa mayuro 99 chabe, n'kuwauza kuti achite nato zimene afuna. Chida chofulashira inachiika pa intaneti kuti aliyense atenge. Amene munakhalapo pa benchi ya wokonza mafoni ku Katondo Street mudziwa kuti kufulasha Nokia wamba kunali kufuna kabokosi kapadera ndi zingwe zake, zinthu zimene kampani sinali kugulitsa kwa munthu wamba. Apa kampani yomweyo inali kukupatsa yokha. Ndipo mwini kamakina anali kutha kukhala root. Mu Linux, root ni munthu amene makina samukana chilichonse: fayilo iliyonse atsegula, pulogalamu iliyonse achotsa, ngakhale kuononga zonse ngati wasankha kutero.

Anthu sanachedwe. Wina analemba pulogalamu ya mapu yoyenda ndi GPS, ena anabweretsa FBReader yowerengera mabuku, ena masewera akale a pa kompyuta monga Doom. Zonse anali kuziika m'nkhokwe za pa intaneti zimene aliyense anali kutapamo kwaulere, App Store isanabadwe. Panalibe ofesi yopempha chilolezo. Yerekezani ndi mafoni a Symbian a Nokia yemweyo, amene kuyambira 2006 anali kukana pulogalamu yopanda siginecha yovomerezeka. Akuluakulu amene anali ndi N73 akumbukira kusintha deti la foni kubwerera kumbuyo kuti kasewero kalowe.

Manje vuto nali. Nokia 770 inalibe malo a SIM khadi. N800 inalibenso. N810 ya mu October 2007, imene inabwera ndi kiyibodi yosolola ndi GPS, nayonso inalibe. Kampani yaikulu kwambiri ya mafoni padziko inapanga tumakina tutatu totsatizana tosaimba foni. Kuti ulowe pa intaneti unafunika Wi-Fi, kapena foni ina m'thumba lina yolumikiza ndi Bluetooth. Ku Helsinki ndi ku San Francisco mwina zinali zomveka. Mu Lusaka wa 2006, mmene intaneti tinali kuigula pa mphindi mu internet café, kamakina kotere kakanakhala kagalasi kodula kosungira zithunzi.

N'chifukwa chiyani anatero? Makasitomala aakulu a Nokia sanali ine ndi inu. Ku Ulaya ndi ku America anthu ambiri anali kutenga foni kwa kampani ya netiweki pa mtengo wotsitsidwa, n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti makampani a netiweki ndiwo anali kugula mafoni mamiliyoni, ndipo ndalama zawo zinali mu mphindi zoimba ndi mu SMS. Kamakina kamene mwini wake angaikemo chilichonse, kuphatikizapo Skype imene inafikadi pa N800 pakati pa 2007, kanali mdani wa malonda awo. Mkati mwa Nokia namo munali Symbian, mwana woyamba amene anali kudyetsa banja lonse, ndipo akulu ake sanafune mng'ono womulanda mbale. Maemo analoledwa kusewera panja, bola asalowe m'khitchini. Mmene ndionera ine, Nokia inapereka makiyi mosavuta chifukwa m'nyumbamo munalibe chimene inali kuopa kutaya.

Apple inayambira mbali ina. iPhone inayamba kugulitsidwa pa 29 June 2007, yotchipa kwambiri madola 499, ndipo unali kusaina pangano la zaka ziwiri ndi netiweki imodzi yokha, AT&T. Batire silichoka. Memori khadi palibe. Nyimbo zilowa kudzera pa iTunes basi, ndipo Bluetooth yake situmiza nyimbo kwa mnzako, chinthu chimene kwa ife amene tinakulira pa "nitumileko" chikanakhala chipongwe. Inalibe 3G, sinali kujambula vidiyo, sinali kutumiza MMS, ndipo kukopa mawu n'kuwamata pena kunabwera mu 2009. Nokia N95 ya chaka chomwecho inali kuchita zonsezi. Koposa zonse, iPhone yoyamba sinali kulola pulogalamu iliyonse yochokera kunja. Jobs anauza olemba mapulogalamu kuti azipanga masamba a pa intaneti otsegulidwa mu Safari, zikwanira.

Koma chala chikakhudza galasi lija, chinthu chinali kumvera pomwepo. Sikirini ya N800 inali kufuna kudinikiza, nthawi zambiri ndi kamtengo ka pulasitiki kamene kanali kusowa msanga, ndipo tumabatani twake tunali tung'onotung'ono monga twa pa kompyuta. iPhone agogo anali kuimva m'mphindi zisanu. Ndipo inali foni: chinthu chimodzi m'thumba, osati ziwiri.

Anthu amene anagula nyumba yokongolayi anayamba tsiku lomwelo kufunafuna makiyi, ndipo apa ndiye pamene ndikanira zoti anthu safuna ufulu. Mu August 2007 mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, anatsegula iPhone yake, n'kuwotcherera kawaya mkati, mpaka inalandira SIM ya netiweki ina. Foniyo anaisinthanitsa ndi galimoto ya Nissan 350Z ndi ma iPhone ena atatu. Ena anapeza njira yothyolera loko kuti aikemo mapulogalamu awo, zimene anazitcha jailbreak, kuthawa m'ndende. Mu September Apple inatulutsa update imene inasiya mafoni ena otsegulidwa osagwira nchito. Othyola anathyolanso. Mu 2008 Jay Freeman anatsegula Cydia, sitolo ya ma app ya mafoni othyoledwa, ndipo chodabwitsa n'chakuti anaimanga ndi zida za Debian, zomwe zija zinali mu Maemo.

Apple inaona kuti chitseko sichingakhale chotseka mpaka kalekale, ndipo inachitsegula mwanzeru, itaima pakhomo. App Store inayamba pa 10 July 2008 ndi ma app pafupifupi 500. Wolemba pulogalamu alipira madola 99 pa chaka, Apple iyang'ana pulogalamuyo n'kuivomera kapena kuikana, ndipo pa ndalama iliyonse yogulitsa inali kutengapo 30 pa 100. M'masiku atatu oyamba anthu anadawuniloda ka 10 miliyoni. Pofika April 2009 chiwerengero chinakwana biliyoni imodzi.

Apa ndiye panathera mpikisano, ngakhale kuti a Maemo sanadziwe. Ganizani za mayi wogulitsa tomato. Pa Soweto Market alipira levi, malamulo ni a eni msika, ndipo tsiku lina angamuchotse pa tebulo. Koma anthu ali pomwepo, ndalama zili m'manja. Kwina kuli bwalo laulere, lopanda levi, lopanda womulamula, komanso lopanda ogula. Apita kuti? Mu Maemo munthu anali kulemba pulogalamu usiku ataweruka ku nchito, chifukwa choikonda, ndipo njira yosavuta yoigulitsira panalibe. Mu App Store munthu yemweyo anali kutha kulipira renti. Olemba anapita kumene kuli ndalama, ogula anatsatira ma app, ndipo ma app ena anatsatira ogulawo.

Levi inali ndi mtengo wake wina. Skype itafika pa iPhone mu 2009 inaloledwa kuimba pa Wi-Fi pokha, kuti AT&T isataye mphindi zake. Chaka chomwecho app ya Google Voice inatsekeredwa pakhomo mpaka bungwe la boma la America loona za mauthenga, FCC, linalemba makalata kufunsa chifukwa. Mu July 2010 Library of Congress inagamula kuti kuthyola loko wa foni yako si kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba. Taganizani: panafunika chigamulo cha boma kuti munthu aloledwe kulowa m'kati mwa chinthu chimene anagula ndi ndalama zake.

Nokia inaika SIM mu Maemo mochedwa, pa N900 imene inatuluka mu November 2009. Amene anaigwirapo amaikamba mpaka lero. Inali ndi kiyibodi yosolola, malo a 32 GB, kamera ya Carl Zeiss, kawailesi kotumiza nyimbo ku FM ya m'galimoto, ndi kawindo kakuda kolembamo malamulo a Linux kali pa menyu penipeni. Unali kutsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi n'kuwaona onse pa sikirini, pamene iPhone inali kuchita chimodzi chimodzi. Koma inali kompyuta imene yaphunzira kuimba foni dzulo. MMS inalibe, mpaka munthu wina wa kunja analemba pulogalamu yake. Ndipo itangotuluka sinali kudziwa tumanambala tuja toyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi hashi. Kwa munthu wa kontirakiti ku London sichinali kanthu. Kwa ife amene talktime, ma bundle, ndipo lero ndalama zenizeni ziyenda pa tumanambala tumenetu, foni yotere ni yolumala. Anthu anadzikonzera okha, ndipo Nokia inadzakonza mu update ya mu 2010. Ubwino ndi kuipa kwa nyumba ya makiyi zili m'kankhani kameneka: denga lidontha, koma makwerero uli nawo.

Zotsatira zinayenda msanga. Mu February 2010 Nokia inaphatikiza Maemo ndi Moblin ya Intel n'kupanga MeeGo, kutanthauza kuyambanso zambiri pamene Symbian nayo inali kudya ndalama ndi anthu. Mapanga awiri avumbwitsa. Mu September Stephen Elop anachoka ku Microsoft kudzatsogolera Nokia. Mu February 2011 analembera antchito kalata yoyerekeza kampaniyo ndi munthu woima pa nsanja yokumbira mafuta imene yagwira moto pakati pa nyanja, amene afunika kulumphira m'madzi ozizira. Pa 11 February analengeza kumene alumphire: Windows Phone, nyumba yotseka monga ya Apple. N9, foni yokongola ya MeeGo, inatuluka chaka chomwecho aliyense adziwa kale kuti ilibe mng'ono. Mu April 2014 Microsoft inamaliza kugula gawo la mafoni la Nokia pa mayuro opitirira mabiliyoni asanu.

Ndisakometse Maemo mopitirira. Makiyi sanali onse. Mbali zina, monga pulogalamu yoyang'anira batire ndi zina zoyendetsa tuzipangizo twa mkati, Nokia inazisunga zotseka, ndipo zinavutitsa kwambiri anthu amene anafuna kupitiriza okha. Inalinso ndi chizolowezi chosiya ana ake: N800 itabwera, eni 770 anangopatsidwa mtundu wa pambali wopanda chitsimikizo, ndipo Maemo ya pa N900 sinafike pa N800 ndi N810. Komabe kampani itachoka, eni N900 anapitiriza kutulutsa ma update awo kwa zaka. Ena amene anali antchito a Nokia anayambitsa Jolla mu 2011 n'kupanga Sailfish. Yerekezani ndi BlackBerry, imene ena a inu munaikonda chifukwa cha BBM: pa 4 January 2022 kampani inazima makompyuta ake othandizira mafoni akale, ndipo mwini foni analibe poyambira.

Pali phunziro lina lowawa limene eni N900 analipeza ife tisanalipeze. WhatsApp sinapange app ya foni yawo. Mmodzi wa iwo analemba yake, Yappari, ndipo inagwira nchito. Koma mauthenga adutsa pa makompyuta a WhatsApp, ndipo eni ake atayamba kutsekera ma app osavomerezeka mu 2015, kukhala root pa foni yako sikunathandize. Makiyi a nyumba yako satsegula geti ya neba. Aliyense amene nambala yake inatsekedwapo chifukwa cha GB WhatsApp anakumana ndi khoma lomwelo. Loko anasamuka, anachoka m'foni n'kukakhala kutali kumene screwdriver siifika.

Nanga Android imene ili m'manja mwa ambiri a ife, pa Tecno, itel ndi Samsung? Foni yake yoyamba, HTC Dream, inatuluka mu October 2008, ndipo pansi pake pali Linux yomwe ija. Google inatenga za uku ndi za uku. Maziko ni otseguka, n'chifukwa chake kampani ya ku Shenzhen itha kupanga foni yotchipa ya ma SIM awiri popanda kuyambira pa ziro. Mutha kulandira app kwa mnzanu pa Xender popanda kudya bundle, ndipo kameneka ni kachidutswa ka ufulu uja wa pa 770. Koma Play Store, Maps ndi YouTube ni za Google, ndipo Huawei inaona tanthauzo lake mu 2019 pamene boma la America linailetsa kuzilandira. Kukhala root pa mafoni ambiri a lero n'kovuta, ndipo ukakwanitsa, ma app ena a banki akana kutseguka. Mu August 2025 Google inalengeza kuti iyamba kufuna kuti olemba ma app adzilembetse kwa iyo, ngakhale app yawo isadutse mu Play Store.

Loko ali ndi ubwino wake, tisanamizane. Foni yotsekedwa ndi iCloud kapena akaunti ya Google ilibe mtengo waukulu kwa wakuba, ndipo amene anakuthyoleranipo foni pa windo la minibasi adziwa zimenezo. Mayi amene asunga ndalama za chilimba pa foni safunika kukhala root. Afunika kuti app yabodza isalowe. Koma loko yemweyo ndiye atseka foni ya salaula imene munagula mwachilungamo, mwini wake woyamba ali kutsidya kwa nyanja ndipo anaiwala kuchotsa akaunti. Ndiye amene alola wogulitsa foni pa ngongole kuizima ali kutali mukachedwa kulipira. Ndiye amene achititsa iPhone kulemba chenjezo wokonza akaikamo batire labwinobwino limene Apple sinalidalitse. Amene anakakamiza a landilodi kumasulako sanali ogula, anali maboma aakulu. Lamulo la European Union linachititsa Apple kulola masitolo ena a ma app mu March 2024, koma kwa anthu a m'maiko amenewo. iPhone yomweyo ikakhala ku Kabwata, chitseko chimenecho kulibe.

N900 yakwanitsa zaka zoposa 15. Pali anthu ochepa, omwazikana m'maiko osiyanasiyana, amene akali kuilembera Linux yatsopano pansi pa dzina la Maemo Leste. Polowera chaja pake panali ndi mbiri yozuka, ndipo eni ake anaphunzitsana kupawotcherera okha. Batire lake ni BL-5J, lomwe lija la Nokia 5800 ndi Lumia 520, ndipo chivundikiro chake chichoka ndi chikhadabo.